Kujambula misonkhano yaitali pa vidiyo osadukiza: mafunso ndi mayankho

Ndakhala ndikujambula misonkhano kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo kuyambira nthawi imene tinkayenda ndi matepi m'thumba la jekete. Amene amandifunsa kawirikawiri ndi alembi a makomiti, atsogoleri a makalabu a alimi a tiyi, komanso achinyamata a m'mipingo amene angopatsidwa kamera n'kuuzidwa kuti Loweruka ajambule zonse. Mafunso awo ndi amodzimodzi chaka ndi chaka, choncho ndawasonkhanitsa pano.

Kodi n'zotheka kujambula msonkhano wa tsiku lonse osaimitsa kamera?

Inde, n'zotheka, ndipo sizilira zipangizo za kuwayilesi ya kanema. Kamera yojambulira pa memori khadi ikhoza kuyamba 8 koloko m'mawa n'kufika madzulo isanapume. Chimene anthu sazindikira n'chakuti tepi itachoka, zoduliza kujambula sizinathe. Masiku ano kamera imaima chifukwa batire latha, khadi ladzaza, yatentha kwambiri, kapena inapangidwa kuti izidziimitsa yokha pakatha theka la ola. Zinayizi mukazikonzekera kusanache, msonkhano wonse mubwera nawo kunyumba.

Kodi vuto la tepi linali lotani kwenikweni?

Tepi ya MiniDV inali ya mphindi 60. Mukaika pa LP, njira yoyendetsa tepi pang'onopang'ono, inkafika mphindi 90, koma tepi yojambulidwa choncho nthawi zina inkakana kuonetsa bwino mu kamera ina. Ya VHS yolembedwa E-180 inali ya maola atatu, E-240 maola anayi. Msonkhano wa pachaka wa SACCO kapena wa kalabu ya alimi ukhoza kutenga maola asanu ndi limodzi, ndiye taganizani matepi a MiniDV angati, ndipo iliyonse ikatha munthu umayenera kuimitsa, kutsegula, kudikira kuti kachitseko katuluke pang'onopang'ono, n'kuikamo ina. Makamera ambiri ang'onoang'ono kachitseko kake kanali kunsi, moti umayamba wamasula kamera pa thirayipodi.

Ndimakumbukira msonkhano wina m'holo ya sukulu cha ku Luchenza. Tepi inatha msungichuma atangoimirira ndi kope lake. Pamene ndimamaliza kusintha, anali atawerenga kale ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatsala m'thumba. Patapita miyezi iwiri panabuka mkangano pa chiwerengero chomwecho, anthu anabwera kwa ine kuti vidiyo iweruze, ndipo malo amene ankawafunawo ndi amene kunalibe. Ena anaganiza kuti ndinadula dala. Zinandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo ndimaona kuti vidiyo ya msonkhano imene ili ndi mpata pakati imayambitsa kukayikirana kuposa pamene vidiyo palibe n'komwe.

Khadi likhale lalikulu bwanji?

Zimatengera mmene mwaikira kamera. Pa menyu pamakhala nambala yolembedwa Mbps, yosonyeza kuchuluka kwa data imene kamera imalemba pa sekondi iliyonse. Muichulukitse ndi 0.45, mupeza ma GB amene ola limodzi lidye. Kamera yojambula 1080p (mlingo wa kuthwa kwa chithunzi) pa 17 Mbps imadya pafupifupi 8 GB pa ola, kutanthauza kuti khadi la 64 GB likupatsani maola pafupifupi 8, la 128 GB maola 16. Mukaika 4K, chithunzi chakuthwa kuposa 1080p, pa 100 Mbps, ola limodzi ndi 45 GB, ndipo khadi lomwe lija la 64 GB litha nthawi ya tiyi isanakwane.

Msonkhano sufuna 4K. Anthu akhala pansi, mmodzi waimirira akulankhula, basi. 1080p ndi yokwanira, ngakhale 720p imagwira ntchito ngati cholinga ndi kusunga umboni wa zokambirana. Gulani khadi lolembedwa U1 kapena Class 10 pa ntchito ya 1080p, ndipo U3 kapena V30 ngati kamera yanu ikufuna lothamanga. Likhale lalikulu kuposa mmene ndondomeko ya msonkhano ikunenera, chifukwa msonkhano wolembedwa kuti utha 1 koloko umatha 4 koloko, makamaka ngati alendo olemekezeka achedwa.

Sindinaimitse kamera, nanga bwanji vidiyo yatuluka zidutswazidutswa?

Musadandaule, palibe chatayika. Makhadi a 32 GB kutsika m'munsi, olembedwa SDHC, amasanjidwa mwa njira ya FAT32 imene silola fayilo imodzi kuposa 4 GB. Kamera ikafika pamenepo imatseka fayilo n'kutsegula ina yokha, ikujambulabe. Pa 17 Mbps zimenezi zimachitika pafupifupi theka la ola lililonse, ndipo makamera ena osunga vidiyo mwa njira ya AVCHD amadula pa 2 GB. Makhadi a 64 GB kupita m'mwamba, olembedwa SDXC, amagwiritsa ntchito exFAT imene ilibe malire amenewa, ngakhale makamera ena amadulabe mwa chizolowezi chawo.

Pokopera pa kompyuta, tengani foda yonse ya pa khadi mmene ilili, osasankha mafayilo a vidiyo okha. Mukalumikiza zidutswazo ndi pulogalamu ya kamerayo, polumikizirapo sipaoneka. Mukangozindandalika mu pulogalamu ina iliyonse, nthawi zina pamamveka kakudumpha m'mawu.

Kamera yanga imaima yokha ikafika mphindi 29 ndi masekondi 59. Yawonongeka?

Ayi, inapangidwa choncho. Kwa zaka zambiri mayiko a European Union ankalipiritsa msonkho pa kamera iliyonse yojambula mphindi 30 kapena kuposerapo mosalekeza, poiwerengera ngati kamera ya vidiyo. Opanga makamera a zithunzi, a DSLR ndi ena, ankawaikira malire kuti apewe msonkhowo. Unachotsedwa cha m'ma 2019, ndipo makamera ambiri atsopano alibenso malirewa, koma amene amafika kuno ogwiritsidwa kale ntchito ambiri ndi a nthawi imeneyo.

Kamera yotere ndi yabwino pa ukwati ndi pa chinkhoswe pamene mumajambula pang'onopang'ono. Pa msonkhano ikuvutitsani. Mukhoza kuima pambali pake ndi wotchi n'kumadinanso batani, koma mwabwerera ku vuto la tepi lija. Njira ina ndi kuilumikiza ku laputopu, monga ndafotokozera pa funso la laputopu m'munsimu. Ngati mukufuna kugula, kamkoda wamba ya m'manja ndi imene inapangidwira ntchito yotere: simadziimitsa, sitentha msanga, ndipo imalola kujambula ili pa chaja.

Tilibe kamera. Foni ingathe?

Ingathe, mukaisamalira. Yambani mwachotsa zithunzi ndi mavidiyo akale kuti pakhale malo, ndipo muwerengere 4 GB mpaka 8 GB pa ola pa 1080p malinga ndi foni. Ikani pa airplane mode, chifukwa munthu akangokuimbirani, mafoni ambiri amadula kujambula pomwepo. Chotsani kava kuti ipume, chepetsani kuwala kwa sikirini, ilumikizeni ku power bank, ndipo muimangirire pa chinthu chokhazikika. Dzanja la munthu silingagwire foni maola anayi.

Mafoni ena amaimitsa okha fayilo ikafika 4 GB. Simungadziwe yanu mpaka mutaiyesa, choncho usiku wina ikani foni patebulo, ijambule khoma maola atatu, muone chimene ichite. Ngati pagulu panu pali mafoni awiri, ajambule mosinthana, wachiwiri ayambe woyamba asanaime.

Magetsi akazima pakati pa msonkhano, titani?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse, ndipo muziwerengera kuti azima ndithu. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili Kapichira itawonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, komanso masiku a Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale nthawi ya mtendere, misonkhano yambiri ya VDC ndi ya makalabu imachitikira pansi pa mtengo kapena m'kalasi mopanda soketi.

Lamulo langa ndi lakuti kamera isadalire chinthu chimodzi. Ngati ili pa chaja, batire likhale momwemo ndipo likhale lodzaza. Koma yesani kunyumba: zulani chingwe ikujambula. Makamera ena amapitiriza bwinobwino pa batire, ena amazima kaye, ndipo fayilo imene inali mkati ikhoza kuwonongeka. Ngati yanu ili m'gulu lachiwirili, musailumikize ku khoma n'komwe, muidyetse kuchokera ku power bank kuyambira poyamba. Power bank ya 20,000 mAh imasunga pafupifupi 74 Wh polemba, ndipo imene imafika ku kamera ndi yocheperako. Kamkoda yaing'ono yodya mawati asanu kapena kutsika ikhoza kuyenda nayo tsiku lonse la msonkhano. Makamera ena amene salandira mphamvu pa USB mukhoza kuwaikira batire longoyerekeza, lotchedwa dummy battery, lolowa m'malo mwa lenileni koma lili ndi chingwe. Onetsetsani kuti mavoti ake akugwirizana ndi kamera yanu.

Za jenereta, chenjerani. Imene ikuyendetsa zokuzira mawu imazimitsidwa pothira mafuta, ndipo poyatsanso magetsi ake amakwera n'kutsika. Ine jenereta ndimaigwiritsa ntchito potchaja mabatire apadera okha, kamera siikhudza.

Kamera imalemba kuti yatentha n'kuzima. Tingapewe bwanji?

Mu Okutobala ndi Novembala, holo ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni pofika 11 koloko. Amene anajambulapo pabwalo la ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe akudziwa mmene dzuwa la nyengo imeneyo limawombera pa kamera yakuda. Ikani ambulera pamwamba pake, kapena muimike pamthunzi. Tsegulani sikirini italikirane ndi thupi la kamera, tsitsani kuchoka pa 4K kupita pa 1080p, ndipo ngati n'kotheka mphamvu ichokere kunja, chifukwa batire likamagwira ntchito limawonjezera moto mkati. Musaifunditse nsalu poteteza fumbi.

Nyengo ya chiperoni vuto limatembenuka. Mukachoka panja pozizira n'kulowa m'chipinda modzaza anthu, galasi limachita nthunzi. Fikani msanga kamera izolowere mpweya wa m'chipindamo, ndipo m'chikwama muzisunga timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Ndamva kuti ena amajambulira pa laputopu. Zimayenda bwanji?

Imeneyi ndi njira imene ndimakonda pa misonkhano ya masiku angapo, monga ya misasa kapena maphunziro a sabata yathunthu. Mufunika kamera yotulutsa chithunzi pa HDMI, kachipangizo kotchedwa capture card kolandira chithunzicho n'kuchilowetsa mu laputopu pa USB, ndi pulogalamu yaulere yojambulira ya OBS Studio. Kamera imangokhala diso, yosunga ndi laputopu, ndiye malire anu ndi kukula kwa hard drive. Malire a mphindi 29 aja amakhudza kujambulira pa khadi, choncho apa sagwira ntchito, bola muzimitse chija chimagonetsa kamera ikakhala osakhudzidwa, komanso muchotse zilembo za pa sikirini kuti zisalowe mu vidiyo. Makamera ena akale salola kuchotsa zilembozi, yesani musanagule capture card.

Mu OBS sankhani kusunga fayilo ya vidiyo ngati MKV, osati MP4 wamba. Laputopu ikazima mwadzidzidzi, MP4 imene sinatsekedwe imakana kutseguka, maola onse apita. MKV imasunga zonse mpaka pamene yazimira, ndipo mukamaliza OBS yomweyo imaisandutsa MP4 m'kanthawi kochepa. Pa 5 Mbps chithunzi cha msonkhano chimaoneka bwino ndipo ola limodzi limadya 2 GB ndi pang'ono. Muuze laputopu isagone, ndipo musailumikize ku intaneti tsiku limenelo kuti isayambe zokonza Windows pakati pa zokambirana.

Kutchalitchi kwathu kuli kamera yakale ya MiniDV. Tiitaye?

Ngati ikuyaka, musataye. Ambiri mwa makamera amenewa amatulutsa chithunzi pa chingwe cha FireWire ngakhale mulibe tepi, ndipo kompyuta imene ili ndi polowetsera chingwecho ikhoza kusunga mwachindunji. Chotsani tepi, chifukwa ikakhalamo kamera imazima yokha pakatha mphindi zochepa, ndipo muzimitse pa menyu demo, chionetsero chimene kamera imayamba yokha mukakhala mulibe tepi. Dziwani kuti DV imadya pafupifupi 13 GB pa ola, komanso malaputopu a masiku ano alibe FireWire. Pamenepo mukhoza kugwiritsa ntchito chingwe chake chachikasu, choyera ndi chofiira ndi capture card yolandira zimenezo. Chithunzi sichikhala chakuthwa ngati cha foni yatsopano, koma zoom yake imafika kutsogolo kuchokera kumbuyo kwa tchalitchi.

Chithunzi chili bwino koma mawu sakumveka. Ndinalakwitsa pati?

Munadalira mayikolofoni ya pa kamera, ndipo kamerayo inali kumbuyo. Inajambula chifuwa cha amene anakhala pafupi, mwana wolira, mipando yokokedwa, ndi mvula pa malata, imene kuno kumunsi kwa phiri ikayamba simumva ngakhale amene mwayandikana naye. Vidiyo ya msonkhano anthu amaifuna chifukwa cha mawu: ndani ananena chiyani, anagwirizana zotani. Chithunzi chosaoneka bwino amachikhululukira, koma mawu akasowa ntchito yonse yapita pachabe.

Ngati pali zokuzira mawu, pitani kwa amene akuyendetsa mikisa msonkhano usanayambe, mumupemphe mwaulemu kuti akupatseni line out, potulukira mawu a mu mikisa, mulumikize ku kamera. Mawu ochokera mu mikisa ndi amphamvu kuposa amene polowetsera mayikolofoni pa kamera pamayembekezera, choncho muwatsitse mpaka asiye kung'aluka, ndipo muzimvetsera ndi mahedifoni nthawi yonse. Ngati zokuzira mawu palibe, ikani foni ina kapena karekoda patebulo la wapampando, pa kansalu kopinda kuti kugogoda kwa tebulo kusalowe. Mawu okha sadya malo: MP3 ya 128 kbps ndi pafupifupi 58 MB pa ola, moti karekodako mukhoza kukasiya kakuyenda tsiku lonse, ngakhale kamera itaima. Poyamba ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti mudzapeze polumikizira mawu ndi chithunzi.

Chovuta kwambiri ndi nthawi ya mafunso. Mayi wina amaimirira kumbuyo kwenikweni, n'kulankhula motsitsa chifukwa cha ulemu kwa mafumu, nthawi zina m'Chilomwe, ndipo mfundo yake ndi imene msonkhano wonse unali kudikira. Pemphani wapampando kuti alengeze poyamba kuti aliyense wofunsa adikire mayikolofoni, kapena iwo eni azibwereza funso asanayankhe. Ndimaumirira pa zimenezi chifukwa popanda kutero vidiyo imasunga mawu a akuluakulu a kutsogolo okha.

Kamera ndiiyike pati, ndipo bwanji chithunzi chikuphethira?

Pa thirayipodi, chapambali, pamene ikuona tebulo la kutsogolo ndi mbali ya anthu, ndipo zenera likhale kumbuyo kwanu. Musamangoyendetsa uku ndi uku. Kuphethirako kumabwera chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz pomwe kamera yaikidwa pa 30 kapena 60 fps (zithunzi pa sekondi) monga za ku America. Isintheni ikhale pa PAL, 25 kapena 50 fps.

Ndinagula khadi la 128 GB motchipa, koma mavidiyo omalizira sakutseguka. Chachitika n'chiyani?

Mwina munagula lachinyengo. Pamsika pali makhadi olembedwa 128 GB pomwe mkati ndi 8 GB kapena 16 GB. Foni imaonetsa nambala yaikuluyo, zoyamba zimasungika bwino, koma malo enieni akatha zotsatirazo zimangotayika mwakachetechete, kamera ikuonetsabe kuti ikujambula. Pa zithunzi zochepa simungazindikire. Msonkhano wautali ndi umene umaulula, ndipo umaulula mochedwa. Khadi lililonse latsopano liyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imalemba khadi lonse n'kuliwerenganso. Likapambana, lifomateni mu kamera momwemo, osati pa kompyuta. Mtengo ukatsika modabwitsa, lisiyeni.

Kodi tiyenera kupempha chilolezo tisanajambule?

Inde. Kambiranani ndi wapampando, ndipo ngati ndi pabwalo la mfumu, yambani mwadzera kwa a gulupu kapena a nyakwawa monga mwa mwambo. Kenako alengeze kwa onse kuti msonkhano ukujambulidwa, chifukwa chake, ndi amene adzasunge vidiyoyo. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza mbiri za anthu, lomwe amayang'anira ndi a MACRA, ndipo nkhope ndi mawu a munthu si zongomwaza pa Facebook mmene mwafunira.

Pali nkhani zina zofunika kuimitsa kamera dala, monga za matenda a munthu, za ana, kapena ngongole za mamembala a banki m'khonde. Pamenepo wapampando anene kamera ikujambulabe kuti tsopano tikuimitsa pa chifukwa chakuti, ndipo poyambanso anene nthawi. Mpata wolengezedwa choncho palibe amene adzaukayikire.

Vidiyo ya maola asanu ndi awiri ndingaitumize bwanji, ndipo ndani angaionere yonse?

Yoyambirira ikopereni malo awiri, pa kompyuta ndi pa hard drive ina yosungidwa nyumba ina, musanafufute khadi. Yotumiza muichepetse ndi pulogalamu ya HandBrake ifike 720p. WhatsApp imalola fayilo ya 2 GB ikatumizidwa ngati document, koma bandulo ya Airtel kapena TNM ya mlembi wa kumudzi singapirire zimenezo, choncho fulashi yoperekedwa pamanja imagwirabe ntchito bwino. Pa YouTube, akaunti yotsimikizidwa imalandira vidiyo yofika maola 12, ndipo mukhoza kuika unlisted kuti aione okhawo amene mwawapatsa linki.

Kuonera yonse palibe angaonere. Anthu amafuna lipoti la zachuma, zisankho, kapena pamene anagwirizana za mtengo. N'chifukwa chake ndimakhala ndi kope pambali pa kamera. Mfundo yatsopano ikayamba, ndimayang'ana nambala ya pa sikirini n'kulemba: pemphero 0:04, malonje 0:11, lipoti la msungichuma 2:37, zisankho 5:02. Pepala limeneli ndimalijambula n'kuliika mu foda imodzi ndi vidiyo, ndipo lina ndimapereka kwa mlembi kuti alimate m'buku la maminitsi.

Nanga matepi akale a misonkhano amene ali m'kabati ya ofesi?

Asamutsireni pa kompyuta chaka chino. Chinyezi cha kuno chimameretsa nkhungu mkati mwa tepi, ndipo makina oonetsera akusowa tsiku ndi tsiku. Tepi imene mukuona zoyera ngati ufa kudzera pa kazenera kake musailowetse mu makina, iwononga mitu yowerengera n'kupatsira matepi ena. Imeneyo iikeni padera, muyambe ndi zoyera bwino. Kusamutsa kumatenga nthawi yofanana ndi kutalika kwa tepi, E-180 imodzi ndi maola atatu athunthu, ndiye sankhani zofunika kaye, monga misonkhano ya malire a malo ndi ya zisankho. Njira yolumikizira ndi yomwe ija ndafotokoza pa funso la kamera ya MiniDV, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku zimene zalembedwa pa chikuto cha tepiyo.